Za Choko, mphaka wathu wa chiseyeye

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga kuno ku Magomero. Ndakhala chete nthawi yaitali, ndikudziwa. Ena tikakumana pa Namadzi mumandifunsa kuti kodi sala, cholembera chija chinatha inki? Ayi, sichinathe. Lero ndabwera ndi nkhani imene mwina ena museka nayo, chifukwa si ya mayeso a MANEB kapena ya silabasi. Ndi ya mphaka. Sekani ndithu, anzanga a mu staff room anaseka kale mpaka misozi. Koma mukatha kuseka muwerenge mpaka kumapeto, chifukwa muli zinthu zingapo zimene ndikanakonda wina akanandiuza ndisanavutike.

Mphakayu anafika kwathu mu Malichi 2024, ali m'katoni ya sopo. Anabwera naye ndi mtsikana wina wa Fomu 2. Mphaka wa kwawo anaswa ana anayi ndipo akuluakulu anali atagwirizana zokawataya kumtsinje, popeza panalibe chowadyetsa. Chaka chimenecho mukuchikumbukira. Mvula inadula chimanga chikungoyamba ngayaye, ndipo mwezi womwewo pulezidenti wa nthawi imeneyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino agwa m'ngozi. Ife pa kamunda kathu tinapeza matumba asanu okha. Ndiye m'nyumba za aphunzitsi muno makoswe ndi eni nyumba, ife ndi alendo. Usiku amachita mpikisano wothamanga kudenga, ndipo chaka china anandidyera m'mphepete mwa mapepala a mayeso oyeserera a Fomu 4, mpaka ndinasowa chowauza ana. Choncho mtsikana uja atati, "Sala, mutengeko mmodzi," mayi a kunyumba sanatsutse.

Anali kanthu kakang'ono, koyera, kokhala ndi banga lotuwa pamutu ngati wina wakapukutirapo dasitala. Mwana wathu wotsiriza, amene panthawiyo anali mu Sitandade 5, ndi amene anakatcha dzina loti Choko. Masiku oyamba kankayetsemula ndipo m'maso munkatuluka manthongo, koma zinatha zokha, ife osazilabadira. Tinkamudyetsa monga aliyense amadyetsera mphaka kuno: mbamu ya nsima yoviika mu msuzi, mitu ya usipa ikatsala. Atakula pang'ono anayamba ntchito yake, ndipo m'mawa tinkapeza michira ya makoswe pakhomo la kachipinda kosungiramo chimanga. Anthu a katemera wa chiwewe atafika m'dera lathu m'nyengo yozizira, ndinamuika m'thumba n'kukaima pamzere pakati pa anyamata ogwira agalu. Anandiseka, koma obaya aja anamubaya n'kundipatsa kapepala. Kapepalako ndinakaika mu fayelo ya masikimu, osadziwa kuti tsiku lina kadzapulumutsa moyo wake.

Mavuto anayamba mu Ogasiti, Choko ali ndi miyezi pafupifupi isanu ndi iwiri. Choyamba chinali fungo. Akayasamula pafupi nawe unkatembenuza nkhope. Kenako tinaona kuti akuthamangira mbale monga kale, kutola usipa, koma n'kuulavula, n'kulira, n'kubwerera m'mbuyo ngati mbaleyo yamuluma. Akayesanso ankapendeketsa mutu kuti atafunire mbali imodzi. Ankakanda pakamwa ndi dzanja lake. Anasiya kudzinyambita, ubweya woyera uja n'kusanduka ngati sanza yopukutira mapoto. Pomaliza panabwera dovu, lina losakanikira ndi timagazi, lomwe mwana wathu analipeza pa bulangete lake.

Dovu limeneli ndi limene linatsala pang'ono kumuphetsa. Mnansi wathu wina atamuona atakhala pakhonde dovu likuchucha, anafuula kuti, "Aphunzitsi, mphaka wanuyu wapenga, muthane naye asanalume ana!" Posakhalitsa panasonkhana anyamata atatu, miyala ili m'manja. Gogo wina wodutsa anawonjezera zake, kuti mphaka wolira usiku ngati khanda si mphaka wamba, ndipo inu mukudziwa kumene mawu otere amalowera.

Za gogoyo ndizisiye, koma mnansi wanga sindingamunene. Chiwewe chilipo, chimagwira amphaka monga chimagwirira agalu, ndipo munthu zizindikiro zikangomuonekera palibenso mankhwala. Dziko lino lataya ana ambiri ndi matendawa, n'chifukwa chake bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu ku Blantyre mu 2015, kenako n'kufika ku Zomba ndi kuno ku Chiradzulu. Chiweto chikakuluma kapena kukukanda mokayikitsa, tsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 ndipo upite kuchipatala tsiku lomwelo. Zimenezi ndimawauza ana m'kalasi chaka ndi chaka. Choncho ndinawapempha anyamata aja kuti ataye miyala, ndinawaonetsa kapepala ka katemera, ndipo ndinalonjeza kumutsekera mphakayo m'chipinda cha chimanga, mwana aliyense osamukhudza, mpaka alangizi a ziweto atamuona. Chimene chinkandilimbitsa mtima n'chakuti chiweto cha chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro nthawi zambiri sichidutsa masiku khumi, pamene Choko anali atavutika milungu yoposa iwiri, akutizindikirabe ndi kutikhuza miyendo.

Usiku umenewo ndinachita chinthu chimene mpaka lero ndikachikumbukira thupi limachita tsembwe. Ndinamumva akulira m'chipinda muja, mwana wathunso akulira kuchipinda kwake. Ndinatenga theka la panado, kulipera ndi supuni, kulisungunula m'timkaka, n'kumuikira. Ananunkhiza, n'kuchokapo. Ndinakwiya naye, kuti ndikukuthandiza iwe ukukana.

M'mawa mwake alangizi a ziweto anafika pa njinga yamoto. Anaona kapepala kaja, anavala magolovesi, anamukulunga Choko m'thaulo n'kukweza mlomo wake. Anzanga, zimene ndinaona. Usinini wonse m'mbali mwa mano unali wofiira ngati tsabola wakupsa, utatupa mpaka kukwirira theka la mano akumbuyo, ndipo atangoukhudza pang'ono magazi anatuluka. "Ichi si chiwewe, aphunzitsi, ndi chiseyeye," anatero. Nditawauza monyadira kuti ndinayesa kumupatsa panado koma anakana, anandiyang'ana kanthawi asanayankhe. "Thokozani kuti anakana. Bwenzi lero tikukumba dzenje."

Apa ndiime pang'ono, chifukwa ngati pali chinthu chimodzi choti mutenge m'nkhani yonseyi ndi ichi. Panado, amene dzina lake lenileni ndi paracetamol, ndi poizoni kwa mphaka. Chiwindi cha munthu chili ndi njira yowasandutsira mankhwalawa kuti atuluke m'thupi, koma cha mphaka njira imeneyo n'njoperewera kwambiri. Mankhwalawo amaononga magazi kotero kuti amalephera kunyamula mpweya wabwino, usinini umasanduka wofiirira modera, nkhope imatupa, ndipo piritsi limodzi lokha limatha kupha. Brufen ndi aspirin nawonso si opatsa mphaka mwa nzeru zako. Chimodzimodzi mankhwala ena ophera utitiri ndi nkhupakupa pa agalu, makamaka okhala ndi permethrin: galu amapirira nawo, mphaka amanjenjemera mpaka kufa. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinatsala pang'ono kudyetsa phulalo chiweto chosalakwa. Chimene chinamupulumutsa ndi kuwawa kwa mankhwalawo ndi kupweteka kwa m'kamwa mwake momwemo.

Manyazi ena anali akuti ine ndimaphunzitsa Biology. Zaka zonsezi ndakhala ndikujambula pabolodi mano a nkhosa ndi a galu, kuwauza ana kuti awa ndi odulira, awa ndi ong'ambira, awa ndi operera, n'kumachotsa malikisi kwa wosokoneza chiwerengero chake. Koma chinyama chodya nyama chinali m'nyumba mwanga momwe miyezi isanu, ndipo sindinakwezeko mlomo wake ndi tsiku limodzi lomwe.

Alangizi aja ananena zoona zokhazokha. Anati ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku, ndipo m'kamwa mwa mphaka simungakonzeke iye ali maso. Pankafunika dokotala wa ziweto wokhala ndi mankhwala ogonetsa, ndiye kuti ulendo wa ku Blantyre.

Apa m'pamene panagona nkhani. Nditawauza mayi a kunyumba, anasiya kupeta mpunga n'kundiyang'ana. "Abambo, ana a kusukulu kwanu akubwera m'kalasi osadya kanthu. Amayi anga kumudzi akudya kamodzi patsiku. Inu mukufuna kukwera minibasi ndi mphaka?" Ndinalibe yankho, chifukwa sankanama. Teremu imeneyo ndinali nditaona ana akuwodzera piriyodi yachiwiri, osati chifukwa cha ulesi. Kuchokera pamene kwacha inagwa mu Novembala 2023, malipiro ankatha mwezi usanafike pakati.

Ku staff room nkhani inafika ine ndisanafike. Mnzanga wophunzitsa History, amene sasowa chonena, anaimirira ngati ali m'kalasi. Anakumbutsa onse kuti dothi limene tikupondali linali esiteti ya A. L. Bruce, kumene makolo a ana athuwa ankagwira thangata, ndipo kuti mkwiyo wa thangatayo ndi umene unafikitsa anthu a John Chilembwe pa nyumba ya William Jervis Livingstone mu Januwale 1915. "Makolo anakana thangata wa mzungu," anatero, "koma achimwene athuwa adzipereka okha ku thangata wa mphaka." Anthu anagwa nako kuseka, inenso ndinaseka. Koma pobwerera kunyumba mawuwo ankandilasa.

Ndinaganiza masiku awiri. Ndikanatha kunena kuti ndikuteteza chimanga, ndipo zinali zoona, popeza chibwerere Choko palibe thumba limene linabooledwa, pamene thumba limodzi chaka chimenecho linali chuma. Ndikanathanso kunena kuti ndikuchitira mwana wathu, amene ankakhala pakhomo la chipinda chija n'kumayankhula naye kudzera pa mng'alu wa chitseko. Koma chenicheni chinali china. Chiwetochi sichinadzibweretse. Ndinachilandira ndi manja anga, chinatigwirira ntchito, ndipo tsopano chinali kufa ndi njala mbale ili patsogolo pake. Panali njira ziwiri zokha zoyenera munthu: kuchichiritsa kapena kupempha odziwa kuti achigonetse mwamtendere. Kungochiyang'ana chikuwonda mpaka kufa inali njira yachitatu, yotchipa, ndipo ndi imene ndinkaopa kuti ndiisankha mosanena. Pomaliza tinagwirizana ndi mayi kuti ndalama ya pakhomo isakhudzidwe. Ndinali ndi kandalama kamene ndinkasungira nsapato zatsopano, popeza zakale zinali zitayamba kumwa madzi. Nsapatozo ndi zimene zinapita ku Blantyre.

Ulendo wake sindidzauiwala. Tinamuika m'dengu, pamwamba chitenje chomanga ndi chingwe. Wa kabaza anandifikitsa pa Namadzi, ndipo ndinakwera minibasi dengu lili pamiyendo. Mpaka pa Mbulumbuzi zonse zinali bwino. Kenako galimoto inagunda bampu ndipo m'dengu munatuluka kulira kwautali. Mayi amene anakhala pambali panga anasendera kuwindo n'kuyamba kupemphera chamumtima. Kondakitala anatembenuka: "Biggie, muli chiyani umo?" Nditati ndi mphaka wodwala ndikupita naye kwa dokotala, minibasi yonse inayamba kukambirana za ine ngati palibepo. Wina anati ndi za azungu, wina anati aphunzitsi masiku ano ndalama zawachulukira. Pofika pa Njuli kondakitala ankafuna kuti wodwalayo alipire mpando.

Dokotala amene tinamupeza anali mayi wachitsikana, wodekha, ndipo atamva kuti ndimaphunzitsa Biology anandifotokozera zonse mosabisa. Ndiyesa kuzibwereza monga ndinazimvera.

Mwana wa mphaka amakhala ndi mano 26 oyamba. Pakati pa miyezi itatu ndi isanu ndi umodzi manowa amagweruka ndipo pamamera 30 okhalitsa. Panthawi imeneyi usinini umafiira pang'ono mwa amphaka ambiri n'kuchira wokha. Koma mwa ena kufiirako sikutha. Pa mano pamamatira utoto wopyapyala wa tizilombo ta mabakiteriya, umene umabwereranso tsiku lililonse ngakhale utachotsedwa, ndipo ukakhalitsa umauma n'kusanduka ngati mwala. Thupi limatumiza asilikali ake kukalimbana ndi tizilomboto, ndipo mwa amphaka ngati Choko asilikaliwo amachita mopitirira muyeso, mpaka kuononga usinini umene akuuteteza. Usinini ukatupa n'kukwirira dzino, pamapangika kathumba kobisalamo zonyansa, ndiye kutupako kumangowonjezeka.

Anandifunsa ngati anadwalapo chimfine ali wamng'ono. Ndinakumbukira kuyetsemula ndi manthongo aja. Anati pali kachilombo kotchedwa calicivirus kamene kamayambitsa chimfine cha amphaka, kamatha kukhalabe m'thupi, ndipo kamapezeka kawirikawiri mwa amphaka a zilonda za m'kamwa. Anamuyezanso magazi kufufuza tizilombo tiwiri tofooketsa chitetezo cha m'thupi, FIV ndi FeLV. Nditamva zilembo zoyambazo mtima unagunda, poganiza zimene anansi akanene. Anandiuza kuti FIV ndi ya mtundu umodzi ndi HIV koma imagwira amphaka okha, siyipatsira munthu, ndipo imafala makamaka amphaka aamuna akamalumana pomenyana. Mwamwayi Choko analibe tonse tiwiri.

Sanandinamize za kutsogolo. Anati amphaka ambiri otere, m'kamwa mukamasamalidwa tsiku ndi tsiku, vutoli limazirala akamafika zaka ziwiri. Ena limapitirira n'kuyamba kudya fupa logwira mano, mano n'kumagwedera. Enanso kutupako kumafalikira mpaka kukhosi, ndipo pamenepo chimene chimathandiza ambiri ndi kuzula mano onse akumbuyo, mwinanso onse. Nditadabwa, anaseka n'kunena kuti mphaka wopanda mano amadya bwino kuposa mphaka wa mano opweteka. Anandichenjezanso kuti mankhwala opha mabakiteriya paokha sachiza matendawa. Amaziziritsa milungu ingapo, ukasiya vuto n'kubwerera, ndipo kumangowabwereza kumangolimbitsa tizilombo.

Tsiku lomwelo anamugonetsa. Anapala mano onse, anadula usinini umene unakwera pamwamba pa mano, anazula timano tiwiri takutsogolo timene tinali titagwedera kale, ndipo pomwepo anamufula kuti asamayendeyende kokamenyana. Ndinabwerera ndi mankhwala amadzi oletsa ululu oyezedwa molingana ndi kulemera kwake, a masiku ochepa okha, mankhwala opha mabakiteriya, ndi kabotolo ka chlorhexidine kosungunulidwa kale kopukutira usinini. Tsiku lachitatu Choko anamaliza mbale yonse n'kuyamba kudzinyambita. Mwana wathu anathamanga kudzandiitana kusukulu ngati kwabadwa mwana.

Ndinkaganiza kuti nkhondo yatha. Inali itangoyamba. Dokotala anali atanena kuti mabala akapola ndizipukuta mano tsiku lililonse, ndi kansalu kofewa kokulunga kuchala. Mlungu woyamba ndinkachita mwa mphamvu, kumukulunga m'thaulo, kumupanikiza pakati pa mawondo n'kumutsegula kukamwa. Zotsatira zake ana a Fomu 3 ankangoyang'ana manja anga m'malo moyang'ana pabolodi, mpaka mmodzi anafunsa mwaulemu kuti, "Sala, kunyumba kuli bwino?" Choko naye akangondiona ndi kansalu ankathawira kudenga.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinayambiranso poyambirira. Masiku angapo ndinkangomusisita m'masaya akakhala pamiyendo panga. Kenako kukweza mlomo pang'ono n'kumusiya. Kenako kuviika kansalu m'madzi ophikira usipa kuti anyambite. Patatha milungu iwiri ndi pamene ndinayamba kupukuta, kunja kwa mano kokha, osatsegula kukamwa, mbali imodzi lero, ina mawa, ndipo pomaliza ndinkamupatsa kausipa kamodzi. Ntchito yonse siyifika mphindi imodzi. Mankhwala athu otsukira mano musamugwiritsire, chifukwa mphaka salavula ndipo zimene zili m'menemo si zoti azimeza.

Chakudya nachonso chinasintha. Mphaka si galu. Thupi lake linapangidwira nyama, ndipo pali chinthu china chotchedwa taurine chimene amachipeza m'nyama ndi nsomba mokha. Chikasowa maso ndi mtima zimaonongeka. Nsima imadzaza mimba yake koma simmanga thupi. Sitikanakwanitsa zakudya za m'zitini za m'masitolo a ku Blantyre, ndiye tinapeza njira yathu: usipa wowiritsa wopanda mchere, wosinja pamene m'kamwa mukupweteka, dzira lowiritsa mwa apo ndi apo, ndi zam'kati mwa nkhuku tikapha. Timamupatulira zake tisanathire anyezi, chifukwa anyezi amaononga magazi a mphaka. Mkaka tinasiya, popeza amphaka ambiri akakula umawatsegula m'mimba. Zotsalazo amadzipezera yekha kudenga.

Kenako ndinalakwitsanso. Pa tchuthi cha Khirisimasi ndinapita kumudzi kwathu milungu iwiri, ndipo pobwerera, poona kuti akudya bwino, ndinayamba kudumphitsa masiku. Pofika mu Febuluwale 2025 fungo lija linabwerera, usinini n'kufiiranso. Ndinakhala pakhonde ndikuwerengera ndalama imene ndinalibe. Mayi a kunyumba, omwe aja a minibasi ndi mphaka, analowa m'nyumba n'kutuluka ndi ndalama ya geni yawo ya mandasi. "Pitani naye," anatero, "koma pobwera mugule sopo, ndipo ntchito yopukutayo muwasiyire ena, inu yakukanikani." Sanafotokoze chimene chinawasintha maganizo, inenso sindinafunse. Ndimangodziwa kuti akamakazinga mandasi m'bandakucha, amene amakhala nawo pamoto ndi Choko.

Ulendo wachiwiriwo unali wongopala mano, ndipo chibwerere ntchito yopukuta ili m'manja mwa mwana wathu. Anajambula rejisitala pa katoni n'kuipachika kukhitchini, ndipo tsiku lililonse akamaliza amachonga. Choko amene ankandikanda ine, kwa iye amangotseka maso. Ndikafuna kuthandiza amandiuza kuti, "Adadi, inu mumafulumira."

Lero Choko ndi mphaka wamkulu, wonenepa bwino, wa mano 28. Sindinganene kuti anachira. Pa mano akumbuyo pakadali kamzere kofiira, kamene timakayang'ana Loweruka lililonse, ndipo ndikudziwa kuti tsiku lina dokotala angadzanene kuti ena azulidwe. Tikadzafika pamenepo tidzakhalanso pansi ndi mayi n'kuwerengera. Funso lawo lija, la ana osadya ndi mphaka wokwera minibasi, sindinaliyankhebe mokhutiritsa ngakhale kwa ine mwini. Nsapato ndinagula patatha miyezi isanu. Mnansi wanga uja, makoswe atamuvuta, anabwera kudzabwereka Choko kwa mlungu umodzi, ndipo ndinamukaniza mwaulemu, chifukwa cha rejisitala ija.

Chinthu china chinachitika m'kalasi. Titafika pa mutu wa mano, m'malo mwa chithunzi cha m'buku ndinawaonetsa ana zithunzi za m'kamwa mwa Choko zimene ndinajambula pafoni, asanachiritsidwe ndi atachiritsidwa. Ataseka n'kutopa, ndinafunsa kuti ndani amalavula magazi akamatsuka m'kamwa. Poyamba kunali zii. Nditakweza dzanja langa, chifukwa inenso zinkandichitikira ndipo ndinkaziyesa zabwinobwino, manja anayamba kukwera mmodzimmodzi, ambiri kuposa mmene ndinkayembekezera. Ambiri anati akaona magazi amasiya kutsuka kuti pachire. Apo ndiye polakwika. Utoto wa mabakiteriya umene unazunza Choko ndi womwewo umene umatupitsa usinini wathu, ndipo ukasiya kutsuka umangochuluka. Chofunika ndi kutsuka modekha kawiri patsiku, mpaka m'malire mwa dzino ndi usinini, ndipo magazi akapitirira milungu iwiri kapena dzino likayamba kugwedera, kukaonana ndi a mano kuchipatala. Ineyo ndinapita, anandipala mano, ndipo ndinachita manyazi kuwauza kuti amene wanditumiza ndi mphaka.

Ndiye anzanga, amene muli ndi mphaka pakhomo, madzulo ano mukwezeni mlomo muone. Usinini wabwino ndi wofiirira pang'ono ngati m'kati mwa chikope chanu, wogwira dzino bwinobwino. Mukaona kufiira, fungo loipa, dovu, kapena akufuna kudya koma akulephera, musadikire monga ndinadikirira ine, chifukwa mphaka amabisa ululu ndipo akayamba kuonetsa ndiye kuti wavutika kale. Ngati sanabayidwe katemera wa chiwewe ndipo akutuluka dovu kapena wasintha khalidwe, musaike chala m'kamwa mwake, mutsekereni n'kuitana alangizi. Ndipo panado musiyeni m'kabati.

Mtsikana amene anabweretsa katoni ija amandifunsabe tikakumana, "Sala, mwana wanga ali bwanji?" Ndimamuyankha kuti ali bwino, akudya, koma sukulu fizi yake ndi yokwera. Inu a History, ndikudziwa kuti muwerenga izi. Thangata akupitirira, ndipo makoswe a kunyumba kwanu akupereka moni.